Za Maboti a Injini: Mawu kwa Mafumu ndi Abale a m'Bungwe

Mafumu athu olemekezeka, ndi inu abale, tiona kuti ena mwa ife agula maboti a injini, ndipo tikondwera nawo. Koma injini si nkhafi ayi. Tsono tinenepo pang'ono msonkhano usanafike.

Injini zambiri za asodzi zifuna petulo wosakaniza ndi oyilo. Pa zina muyeso ndiwo lita 1 ya oyilo pa malita 50 a petulo, koma penyani buku la injini yanu. Woumira oyilo adzagula injini ina. Mukailiza, yang'anani ngati timadzi tilikutuluka kumbuyo, pakuti ndito tisonyeza kuti ilikuzizira. Tikaleka, zimitsani pomwepo. Musailize pamtunda, ndipo pofika pamchenga muitukule. Pulagi yapadera, nangula, chokapira madzi ndi nkhafi zisatsale pagombe. Fodya pafupi ndi petulo, iyayi.

Chimene tiopa koposa ndicho mwera, umene uomba ndi mphamvu kuyambira May kufikira August. Mu 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndi yatsopano, inamira m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, nafa anthu 145. Nanga boti la matabwa lodzala matumba a usipa, ana atakhala pamwamba pake?

Chifukwa chake tipempha mafumu kuti pagombe lililonse aike munthu wowerenga okwera, ndi kuletsa boti lopanda majekete oyandamitsa kuti lisanyamuke. Mwini boti adzadandaula za ndalama zake, mfumu isamumvere. Nkhaniyi tidzaikamba pamsonkhano, ndipo eni maboti onse abwere.