OK wa pafoni wagwetsa mayi wa nsomba

Inu a geni, timalemba tiwiri tokha tikudanitsa anthu pa Marka pano: OK.

Mayi wina wa nsomba zouma anatumiza mtengo wa dengu pafoni kwa kasitomala wake wa ku Limbe. Bamboyo anayankha kuti "OK". Mayi osachedwa, katundu pagalimoto. Atafika, bambo uja ati, "Mayi, OK wangayo ndimati ndamva, sindinati ndagula." Nsomba zinapita pamtengo wolira, ya thiransipoti osabwerera.

OK ndi birimankhwe, abale. "Oke" wachidule ndi kuvomera. "Okeee" wokoka ndiye kuti musandidalire. "Oke basi" wa munthu wangongole ndi kukuthamangitsani mwaulemu. Ndipo "ndili oke" amanena ngakhale wogona ndi njala.

Chiyambi chakenso ndi nthabwala. Nyuzipepala ya Boston Morning Post ku America inamulemba mu 1839 pofupikitsa "oll korrect", kulakwitsa dala mawu oti "all correct", kutanthauza kuti zonse zili bwino.

Tsono akakuyankhani OK, kaya ndi wa ku Limbe kaya wa ku Vila Nova tsidya la malire, muimbireni musanakweze katundu: madengu angati, makwacha kapena metikashi, nanga mulipira liti?