Manyowa Amasintha Mlimi Asanasinthe Munda

Anthu ambiri amaganiza kuti kuyamba ulimi wosagwiritsa ntchito feteleza ndi mankhwala ogula n'kungosiya thumba la feteleza n'kutenga dengu la manyowa. Maganizo amenewa ndi olakwika. Chimene chimasintha choyamba ndi khalidwe la mlimi mwini, ndipo boma kapena bungwe loiwala mfundoyi limagwetsa alimi m'mavuto.

Choyamba, mlimi amasintha kawerengedwe kake ka nyengo. Wodalira feteleza amayamba kuganiza za chonde mvula ikayandikira, makamaka kuyambira mu 2005 pamene boma la Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi. Koma wa manyowa ntchito yake imayamba akangokolola. Amasonkhanitsa mapesi, ndowe ndi phulusa, n'kuunjika kompositi kuti iwole m'chilimwe. Moto umene kale ankautentha m'munda pofuna mbewa tsopano amauona ngati mbala yakuba chakudya cha nthaka.

Chachiwiri, amayamba kuona ziweto ndi mitengo mwatsopano. Mbuzi zoyendayenda amazimangira khola kuti ndowe zisatayike. Mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kusiya chimanga chikulandira dzuwa, saudulanso. Ku Ekwendeni, alimi amene anayamba mu 2000 kugwira ntchito ndi chipatala cha kumeneko pofuna kuthana ndi kunyentchera kwa ana anaphunzira kubzala nandolo ndi mtedza mophatikiza, kenako n'kukwirira masangwi m'nthaka. Mbewuzi zimaonjezera chonde, komanso zimapereka ndiwo pakhomo.

Chachitatu, mlimi amakhala watcheru. Popeza sathamangira mankhwala opopera, amayendera munda pafupipafupi kuti aone mbozi zisanachuluke, ndipo amasinthasintha mbewu kuti tizilombo tisakhazikike malo amodzi.

Komabe tisanamizane: walira mvula walira matope. Manyowa ndi olemera, ndipo ofunika pa ekala imodzi ndi ambiri kuposa matumba a feteleza. Banja lopanda ngolo kapena ziweto limavutika. Nthawi zambiri wosenza madengu ndi kutunga madzi othira pa kompositi ndi mayi, amene ali kale ndi ntchito zambiri pakhomo. Ngati abambo sasintha n'kuyamba kugawana ntchitoyi, ulimiwu umasanduka goli kwa amayi. Ndiponso nthaka yotopa siibwerera m'chaka chimodzi; zokolola zimatha kutsika poyamba.

Dziko la Sri Lanka linaphunzira izi mowawa. Mu Epulo 2021, Pulezidenti Gotabaya Rajapaksa analetsa kuitanitsa feteleza kuchokera kunja, kufuna kuti alimi onse asinthe nthawi imodzi. Alimi analibe manyowa okwanira ngakhale luso lake. Zokolola za mpunga zinagwa, ndipo chaka chisanathe boma linabweza lamulolo.

Choncho ine ndikuti alangizi a zaulimi asamayese kupambana kwawo ndi chiwerengero cha milu ya kompositi imene yakonzedwa pa tsiku lachionetsero. Afunse ngati mlimi wasiya kutentha mapesi, ngati mfumu yaletsa ziweto kudya nandolo wotsala m'minda, ndiponso ngati banja likugawana ntchito. Mlimi aloledwe kuyamba ndi kachigawo kochepa ka munda, kwinako akuthirabe feteleza, mpaka ataona yekha kusiyana kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.