CHENJEZO KU MTUNDU WONSE: NGONGOLE IKUTILANDA MTENDERE

Amalawi anzanga, amayi ndi abambo, aphunzitsi, anamwino, alimi, ochita geni ndi achinyamata: imani kaye musanasaine pepala lina la ngongole. Ngongole yalowa m'nyumba zathu mwakachetechete, ndipo kumene yafika ikuchotsa tulo, ikupasula mabanja, ena ikuwatengera kumanda.

Palibe amene akukana kuti zinthu zathina. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wa feteleza, shuga, mafuta ophikira ndi sopo unakwera, koma malipiro sanakwere mofanana. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera chawo pamwamba pake. Boma nalonso limakongola kwambiri m'mabanki omwewo, choncho mabanki amaona kuti kubwereketsa boma n'kopindulitsa kuposa kubwereketsa mayi wogulitsa tomato ku Limbe kapena mlimi wa ku Mchinji. Munthu wamba akakanidwa ku banki amathamangira kwa wakatapila.

Tawerengani nokha. Mukatenga K100,000 pa katapila wa 50 peresenti pamwezi, mwezi ukatha mukuyenera kubweza K150,000. Mukalephera, mwezi wachiwiri zafika K225,000, wachitatu K337,500. Ndi geni iti imene imabala phindu lotere? Pofuna kutseka dzenjelo munthu amakatapa ku banki m'khonde, ya kumeneko n'kukaibweza ndi ngongole ya pa foni, ya pa foni n'kuibweza ndi katapila wina. Wogwira ntchito amasiya khadi lake la ATM kwa mwini ndalama, ndipo tsiku lamalipiro limadutsa ngati tsiku lina lililonse. Mayi amalandidwa matiresi, mapoto ndi malata ana akuona. Bambo amazimitsa foni, amabisala m'chipinda wina akagogoda.

Ndalama yobwereka imakoma tsiku loyamba lokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukwati wa masiku awiri, Khirisimasi ya tsiku limodzi, foni yatsopano, kubetcha mpira: zonsezi zimatha msanga, koma kubweza kumatenga miyezi yambiri, ndipo mu Januwale fizi ya ana imapeza m'nyumba mulibe kanthu. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ngongole imatchulidwa kawirikawiri pakati pa zifukwa zake, ndipo ambiri mwa anthuwo ndi abambo amene anasenza katunduyo okha osauza munthu.

Ngongole yabwino ilipo. Yogulira mbewu, makina osokera kapena katundu wa pa okala, imene phindu lake limaposa chiwongoladzanja, yatukula mabanja ambiri. Mabanki m'khonde ndi ma SACCO aphunzitsa ana ndi kufolera nyumba. Choopsa ndi kukongola kuti tidye, tisangalale kapena tibweze ngongole ina.

Chonde tsatirani izi kuyambira lero:

1. Musanatenge ndalama, funsani kuti zonse pamodzi mudzabweza zingati, ndipo yankho lilembedwe. Musasaine chimene simunawerenge kapena kuwerengeredwa.

2. Musapereke khadi la ATM, nambala yake yachinsinsi, chiphaso cha unzika, munda kapena nyumba ngati chikole kwa wakatapila.

3. Funsani ngati bungwe lokubwerekanilo lili ndi chilolezo. Mabungwe obwereketsa ndalama amayenera kulembetsedwa ndi kuyang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo mungathe kukadandaula kumeneko.

4. Musalowe mabanki m'khonde ambiri nthawi imodzi. Atsogoleri a magulu, musakakamize mamembala kutenga ngongole imene sakuifuna pofuna kukuza phindu logawana.

5. Musatenge ngongole m'dzina lanu kuti mupatse munthu wina, ndipo musabisire mkazi wanu kapena mwamuna wanu ngongole imene mwatenga.

6. Dziwani kuti lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chake chili chopyola muyeso. Kukuopsezani kapena kukumenyani chifukwa cha ngongole ndi mlandu.

Kwa inu amene ngongole yakufikani kale m'khosi: moyo wanu ndi wamtengo wapatali kuposa ngongole iliyonse imene muli nayo kwa munthu. Uzani m'bale, abusa, a shehe, amfumu kapena achipatala lero lomwe. Pitani ndi mboni kwa amene anakukongozani mukagwirizane zobweza pang'onopang'ono. Achibale, mukaona munthu wasiya kudya, sakugona, akulankhula zotsanzika, musamusiye yekha ndipo musamunyoze.

Kwa atsogoleri athu: mu 2006 dziko lino linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja, koma pasanathe zaka 20 tabwereranso pamavuto a ngongole, ndipo ndalama zambiri za misonkho zikuthera ku chiwongoladzanja m'malo mogula mankhwala ndi mabuku. Chepetsani kukongola m'mabanki a m'dziko muno. Ikani malire okhwima pa ndalama zodulidwa pa malipiro a ogwira ntchito. Tsekani obwereketsa opanda chilolezo.

Werengani chenjezoli m'matchalitchi, m'mizikiti, pamisonkhano ya banki m'khonde ndi pabwalo la amfumu. Muuzeni mnzanu asanasaine.