Wooda katundu azimva kaye wokhala pabenchi

M'misika ya ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23, mabizinesi ambiri amayendetsedwa ndi anthu awiri. Mmodzi amasunga mpamba ndipo ndiye amakaoda katundu ku Malangalanga, ku Wakawaka kapena ku Mgona. Winayo amatsala pabenchi kapena muokala tsiku lonse: mng'ono wake, mwana wa achemwali kapena mnyamata wolembedwa ntchito. Amene amamva zokamba za makasitomala ndi wotsalayu, koma wosankha katundu ndi mwini mpamba. Akakumana madzulo, funso limakhala limodzi lokha: ndalama zakwana?

Apa ndi pamene phindu likutayikira. Makampani akuluakulu amalipira anthu oti azifufuza zofuna za ogula. Ofufuzawo sagulitsa kanthu, ntchito yawo ndi kuthandiza anzawo a m'kampani momwemo amene amaika mitengo ndi kusankha kukula kwa paketi. Koma kafukufuku akapanda kuyankha funso la wopanga chiganizo, kapena akafika chiganizo chitapangidwa kale, amangothera m'kabati. Wamalonda wamng'ono ali ndi mwayi woposa apa. Wofufuza wake ali naye kale, amamudyetsa nsima tsiku lililonse, kungoti samufunsa.

Kale munthu amatha kuoda mwachizolowezi zinthu n'kumayenda. Masiku amenewo adatha. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsanso ndi 44 peresenti. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika mu Lilongwe adachita kuyenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Katundu akakwera chonchi, kulakwitsa oda kamodzi kumadya mpamba wa mwezi.

Nawo ogula asintha kagulidwe. Amene amagula botolo la mafuta ophikira akufunsa kachubu. Wa paketi ya shuga akufuna woyeza, wa ndowa ya chimanga watsikira pa ufa wa walkman. Woyamba kuona izi ndi wokhala pabenchi. Ndiye amaona mayi akunyamula mulu wa tomato, kufunsa mtengo, n'kuubweza. Ndiye amamva kuti sopo wamtundu wakuti sakuchita thovu, kapena kuti benchi yachitatu kuchokera pano ikuika basela. Zonsezi sizioneka m'ndalama zowerengedwa madzulo, chifukwa ndalama zimanena za amene adagula basi. Za amene adabwerera chimanjamanja amazidziwa ndi wogulitsa yekha.

Choyamba, mwini bizinesi azipereka funso lomveka. Kufunsa kuti "malonda ayenda bwanji?" kumabala yankho lakuti "pang'onopang'ono". Funso lothandiza ndi lokhudza chiganizo chimene chili patsogolo: Lachisanu ndikukatenga belo, anthu akufunsa kwambiri zovala za ana kapena majuzi? Ndichepetse mulu wa usipa kapena ndikweze mtengo? Wogulitsa akadziwa chimene akufufuzira, amatchera khutu pamalo oyenera.

Chachiwiri, pakhale kope. Tsamba limodzi ligawidwe patatu: zimene anthu adafunsa koma kunalibe, zimene adagwira n'kusiya atamva mtengo, ndi zimene zidatha dzuwa lisanapendeke. Sipafunika chiganizo chachitali, kachizindikiro pa munthu aliyense n'kokwanira. Ikatha sabata kope limaonetsa ngati chinthu chidafunsidwa ndi anthu ambiri kapena ndi kasitomala mmodzi waphokoso.

Chachitatu ndi nthawi. Awiriwa azikhala pansi madzulo a tsiku loti mawa kuoda, osati katundu atatsitsidwa kale pakabaza. Ngati mwini wagona kutali, uthenga wa pafoni kapena chithunzi cha tsamba lija pa WhatsApp chimakwanira.

Eni mabizinesi ena anena kuti wantchito sangadaliridwe, amalimbikitsa katundu wosavuta kugulitsa kapena woti iye azionjezerapo yake pamwamba. Nkhawayi ndi yoona, ndipo ambiri adapsa nazo. Koma mankhwala ake ndi kuyesa pang'ono. Wogulitsa akati anthu akufuna ndiwo za soya zamapaketi ang'onoang'ono, mwini atenge dazeni imodzi, aone masiku amene itenge kuti ithe. Ikatha msanga, wapeza malonda atsopano ndipo wadziwa kuti mawu a wantchito wake ali ndi kulemera. Ikakhalitsa, wataya zochepa.

Mbali ina ili kwa mwini yemweyo. Wogulitsa amene amakalipiridwa akanena kuti katundu wa abwana sakuyenda amaphunzira kutseka pakamwa. Amenenso adapereka nzeru, zinthu n'kuyenda, koma osamva ngakhale zikomo, ulendo wina sadzavutika. Kumuuza zimene zachitika ndi mawu ake, ngakhale pamene sadatsatidwe, komanso kumuponyera kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba malonda akayenda, ndi mtengo wotsika poyerekeza ndi belo logona.

Naye wokhala pabenchi azisiyanitsa zimene waona ndi zimene akuganiza. "Anthu asanu afunsa mafuta a kachubu lero" ndi mawu oti abwana angaikepo ndalama. "Anthu sakufuna mafuta" ndi dandaulo chabe.

Izi n'zofunika kwambiri kwa amene ali ndi mabenchi m'madera awiri. Ku Area 25 ndi Mgona, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, malonda amatsata malipiro a pamwezi komanso nyengo ya msika wa fodya. Kumene ambiri amadalira maganyu, ndalama imabwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo katundu woyenda ndi wophwanyidwa tizigawo. Kuodera malo onsewa mofanana ndi kutseka maso dala, pamene benchi iliyonse ili ndi munthu wodziwa kusiyana kwake.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Sabata ino, asanakwere minibasi yopita kukaoda, wamalonda aliyense agule kope, asankhe funso limodzi, alipereke kwa amene amatsala ndi makasitomala.