Zinyalala za m'misika zisamangothera kudzala

Munthu akadutsa pamsika wa Kawale, Biwi kapena Mgona nyengo yadzinja, chimamulonjera ndi mulu wa masamba a kabichi, tomato woola ndi makoko a nthochi. Galimoto ya khonsolo ikabwera, zonsezi zimakatayidwa kudzala la ku Area 38. Ikapanda kubwera, mulu umangokula, ntchentche n'kumachita phwando.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zotayidwazi ndi chuma. Zikaolera m'thanki yotseka bwino, zimatulutsa gasi wotchedwa biogas, yemwe gawo lake loposa theka ndi methane, lotsalalo makamaka carbon dioxide. Mipweya iwiriyi ndi yomweyo imene mafakitale akunja amapangira feteleza wa urea. Methane amamutenthetsa pamodzi ndi nthunzi kuti atulutse hydrogen, amene akasakanizidwa ndi nitrogen wa mumlengalenga amapanga ammonia. Ammonia akakumana ndi carbon dioxide, urea wapsa. Methane yemweyo amapangiranso methanol, mankhwala ofunika popanga penti, guluu ndi mapulasitiki.

Dziko lino limaitanitsa urea kunja ndi ndalama zakunja zosowazo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wa thumba la makilogalamu 50 unakwera moti alimi ambiri anangogwira pakamwa.

Zoona, fakitale ya urea imafuna gasi wochuluka, magetsi odalirika ndi ndalama zankhaninkhani. Msika umodzi sungaidyetse. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Kundende ya Mulanje anamanga thanki ya biogas yophikira akaidi, ndipo kumsika wa Tsangano ku Ntcheu nako anayesa kupanga gasi ndi zotsalira za ndiwo zamasamba. Phala lotsala m'thankimo ndi manyowa abwino kumunda.

Choncho poyambira n'posankha zinyalala. Gasi sangatuluke bwino ngati zoola zasakanikirana ndi majumbo ndi mabotolo. Khonsolo ya Lilongwe, yomwe imatolera ndalama za ziphaso m'misika, iike migolo iwiri pamsika uliwonse: wa zoola ndi wa zosaola. Kenako imange mathanki ku Chinsapo, Area 23 ndi Area 25 kuti amayi ophika nsima asiye kudalira makala. Akatswiri a ku Bunda athandize kuyeza gasi wotulukayo, kuti tsiku lokamba za fakitale likadzafika, manambala adzakhale alipo.

Kolera wa 2022 ndi 2023 anaonetsa mtengo wa uve m'makomboni. Mulu wa pamsika uja ungathe kudwalitsa banja, ungathenso kuliphikira nsima ndi kulidyetsera chimanga kumunda. Kusankha kuli m'manja mwa khonsolo ndi ochita malonda.