MASWICHI A MAGALIMOTO AKALE KU CHIFUNDA AFUNA AMISIRI OPHUNZIRA

CHIFUNDA — M'dziko la Mfumu Chifunda, m'boma la Chama, galimoto yoyenda imawerengedwa ngati cuma ca mudzi wonse, ngakhale mwini wake ali mmodzi. Ndiyo imanyamula mpunga kupita nao ku msika, ndiyonso imathamangitsa wodwala ku cipatala usiku. Magalimoto amene amapirira miseu ya m'cigwa ca Luangwa ndi a mtundu wa Land Rover ndi Land Cruiser, ndipo ena mwa iwo ngakale ndithu. Injini zao n'zolimba, koma cimene cimawagoneka pansi kawiri-kawiri ndico maswichi a pa dashibodi, amene amayatsa nyali, mawaipa ndi huta.

M'cilimwe fumbi limalowa m'maswichi, m'dzinja cinyezi cimadzetsa dzimbiri pa timkuwa ta m'kati mwace, ndipo kugwedezeka kwa pa mseu kumamasula mawaya. Dalaivala amene nyali zamuzimira pa ulendo ali pa ngozi yaikulu, pakuti Chifunda ali m'dera losungirako nyama la Musalangu, ndipo tsidya lija la mtsinje kuli paki ya North Luangwa. Mseu umene ayendamo anthu ndiwo umenenso njobvu zimadutsamo.

Bvuto la zipangizo silinayambe lero. M'zaka za m'ma 1970 dziko la Zambia linali kulumikiza lokha magalimoto, a Fiat ku Livingstone ndi a Land Rover ku Ndola. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeyala anasowa nazo pamodzi. Pamenepo amakanika anazolowera kuphwasula galimoto yakufa kuti aciritse inzace. Kucokera mu 1991, malonda atamasulidwa, magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anadzaza dziko, ndipo ogulitsa anatembenukira ku zipangizo za magalimoto amenewo. Land Rover Series III, imene inapangidwa kuyambira mu 1971 mpaka mu 1985, inatsala ngati mwana wamasiye.

Motero mwini galimoto wa ku Chifunda ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kufunafuna maswichi eni-eni ku Lundazi, ku Chipata kapena ku Lusaka. Masiku ano munthu angathe kujambula cipangizo pa foni, kulipira pa foni pomwepo, ndi kucilandira pa basi. Komabe basi siifika pa khomo lace, ndipo mvula ikagwa miseu ya m'cigwa imatsekeka. Cipangizo cikafika cimapezeka nthawi zina kuti si cace, pakuti magalimoto ena a dizilo amayendera magetsi a mavoti 24 pamene ambiri amayendera 12. Swichi ya kanyali ka mavoti 12 siikhalitsa pa galimoto ya 24.

Njira yaciwiri ndiyo imene ambiri amatsata. Makanika amadula cidutswa ca lata, amaboola mabowo, namangirirapo maswichi wamba a m'sitolo, iliyonse ndi nchito yace. Nzeru imeneyi njoyamikika, cifukwa imasunga ndalama ndipo swichi ikafa imasinthidwa yokha popanda kugula bolodi lonse. Cobvuta cili pa kalumikizidwe ka mawaya kuseri kwa latalo, kumene mwini galimoto saonako.

Mababu awiri a kutsogolo a mawati 55 amakoka maampu pafupi-fupi 9. Munthu akaonjezapo nyali ziwiri zazikulu za mawati 100, zoonera nyama patali, zimakoka maampu ena pafupi-fupi 17. Pa magalimoto ambiri akale mphamvu yonse ya nyali imadutsa m'swichi momwemo, kotero kuti swichi yaing'ono imatentha nisungunuka. Mankhwala ace ndi kacipangizo kochedwa rile, kamene kamasenza mphamvu yaikuluyo, kusiyira swichi nchito yongolamula. Pafunikanso waya wonenepa molingana ndi katundu wace, ndi fyuzi yoikidwa pafupi ndi batire.

Fyuzi ndiyo imene imanyozedwa koposa. Inapangidwa kuti izipsa yokha pamene waya wakhudza citsulo ca galimoto, kuti moto usafike kwina. Amene amacotsa fyuzi yopsa naikapo msomali, waya wa mkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, wacotsa mlonda pa khomo. Waya ukadzakhudzanso citsulo, copsa cidzakhala dashibodi, mwinanso galimoto yonse, ndipo ku Chifunda kulibe ozimitsa moto oti n'kuwaitana.

Pa Land Rover yakale mitundu ya mawaya ili ndi tanthauzo. Wa bulauni umacokera ku batire ndipo uli ndi moto nthawi zonse popanda fyuzi. Woyera umalandira moto kiyi ikatembenuzidwa. Wa buluu ngwa nyali za kutsogolo. Wakuda ngwopita ku citsulo. Mmisiri wodziwa izi amatha nchito tsiku limodzi. Wosadziwa amangoyesa waya uliwonse kufikira utsi utuluke. Akulu anati safunsa anadya phula.

Lamulo nalonso silikhala cete. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la mu 2002, limayesa nyali, mawaipa ndi huta lisanapereke ciphaso cakuti galimoto njoyenera kuyenda. Bolodi lopangidwa pa mudzi liyenera kugwira nchito monga la ku fakitale.

Cosowa ceni-ceni tsono ndico mmisiri wa magetsi a galimoto wokhala pafupi. Mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwa kuti lizilipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja m'masukulu olembetsedwa ndi TEVETA. Makomiti a citukuko a m'mawodi a ku Chifunda angacite bwino kusankhako anyamata ndi atsikana oti akaphunzire nchito imeneyi, ndi kupangana nao kuti akatsiriza adzabwerere kwao. Podikira zimenezo, mwini galimoto aliyense amene apereka dashibodi yace kwa makanika ayenera kumfunsa amuonetse pamene waika fyuzi ndi rile asanamlipire.