Miyendo Ilipo, Wotchi Ndiyo Palibe

Amene anaonerapo mpikisano wa Porters Race ku Likhubula sangatsutse kuti ku Mulanje kuli miyendo. Mpikisanowu, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990 pakati pa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, umakwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, ndi kutsikiranso ku Likhubula, mtunda woposa makilomita 20 wa miyala ndi zitunda zokhazokha. Ine ndimachokera kufupi ndi kumeneko, ndipo pa tchuthi ndimaona ana asukulu akutsika phirilo ngati mbuzi. Funso langa ndi ili: nanga bwanji sitimva kuti mmodzi wa ana amenewa waitanidwa ku koleji ya kunja chifukwa cha liwiro lake, monga zimachitikira ku Kenya?

Ena amati Akenya anangobadwa choncho. Ine sindivomereza. Ku Iten kuli sukulu ya Katolika yotchedwa St Patrick's, kumene Bulazala Colm O'Connell wa ku Ireland anafika mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe. Sanali katswiri wa liwiro ayi, koma anayamba kutsata anyamata ake pabwalo. Ibrahim Hussein anachoka pa sukuluyi kupita ku University of New Mexico, ndipo mu 1988 anapambana mpikisano wa Boston Marathon. Chaka chomwecho Peter Rono, wa pa sukulu yomweyo, anatenga mendulo ya golide pa mamita 1,500 ku Olimpiki ya ku Seoul, ali wophunzira pa Mount St Mary's ku Maryland, koleji ya Katolika imene pambali pake pali seminale. Zonsezi zinayambira m'manja mwa Mpingo wathu womwewu.

Nafenso sitili chabe. Catherine Chikwakwa anathamanga ku Olimpiki ya Sydney mu 2000 ndi ya Athens mu 2004, ndipo mu 2004 momwemo anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, ku Italy. Mike Tebulo anaimira Malawi ku London mu 2012, Tereza Master ku Rio de Janeiro mu 2016. Choncho mbewu ilipo.

Chimene tikusowa ndi umboni. Kochi wa ku America sabwera ku Likhubula. Amakhala mu ofesi yake ndi kufunsa kuti, mwanayu mamita 1,500 kapena 5,000 amathamanga mphindi zingati, pa bwalo liti, anayeza ndani? Kumuuza kuti mnyamatayu amasiya anzake onse pa chitunda cha ku Chambe n'kungotaya malovu, chifukwa phiri lathu sangaliyerekeze ndi phiri lina lililonse. Iye amafuna nthawi yolembedwa pa mpikisano wodziwika, pa bwalo loyezedwa la mamita 400. Tsono tadzifunseni, anzanga: bwalo lathu timathamangapo tsiku la masewero lija, analiyeza ndani? Amene anapambana chaka chatha anathamanga mphindi zingati? Tonse timakumbukira kuti tinamunyamula m'mwamba, koma nthawi yake palibe anailemba.

Umboni wachiwiri ndi wa m'kalasi, ndipo apa makolo amve bwino. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewero m'makoleji ambiri a ku America, silikulola kupikisana ngati maphunziro ako a sekondale sakukwanira. Amafuna malipoti a sukulu a zaka zonse, kuyambira Folomu 1, kuphatikizapo satifiketi ya MSCE, ndipo makoleji ambiri amafunanso umboni woti Chingerezi umachidziwa. Mnyamata amene wasiyira sukulu Folomu 2 kuti azinyamula zikwama za alendo wadzitsekera yekha khomo limeneli, ngakhale atakhala waliwiro ngati gwape. Pa mbali imeneyi ife aseminale tili ndi mwayi umene anzathu ambiri alibe: mabuku, aphunzitsi, ndi belu limene limatidzutsa kusanache.

Ndikudziwa chimene Abambo ena anganene, kuti seminale si fakitale ya othamanga, tinabwera kudzamva kuitana kwa Mulungu. N'zoona. Koma tisanamizane: mwa ife amene tinalowa limodzi Folomu 1, si onse adzavale mkanjo. Ena adzabwerera kwawo, ndipo Mpingo umawatcha ana ake ndithu. Kodi n'kulakwa kuti wotereyu achoke pano ali ndi MSCE yabwino m'dzanja limodzi ndi buku la nthawi zake m'dzanja linalo? Ndiponso amene adzadzozedwe adzayang'anira sukulu za m'maparishi a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Wansembe amene anaphunzira kugwira wotchi ali pa seminale adzamuzindikira mwana waluso akadzamuona.

Mantha a makolo nawonso ndi omveka. Henry Rono anapita ku Washington State University, nathyola mbiri zinayi za dziko lonse m'masiku 81 okha mu 1978, koma pambuyo pake mowa unamusautsa zaka zambiri ali kutali ndi kwawo. Mwana wopita kunja amafunika kukhwima mu mtima, osati m'miyendo mokha. Ndipo wina akabwera kumudzi kunena kuti mumupatse ndalama akupezereni malo ku America, muthawireni. Makochi enieni amalemberana ndi sukulu ndi mwanayo, safuna mbuzi.

Pempho langa kwa Abambo Rekita ndi aphunzitsi a masewero ndi laling'ono. Tiyeze bwalo lathu ndi tepi kuti likwane mamita 400. Tigule wotchi yoyezera liwiro ndi kope limodzi lachikuto cholimba, losungidwa mu ofesi, lolembamo dzina, tsiku, mtunda ndi nthawi. Amene nthawi zawo zikuoneka bwino tiziwatumiza ku mipikisano ya sukulu za sekondale ndi ya bungwe loyendetsa masewero a liwiro m'dziko muno, kumene nthawi imalembedwa ndi anthu ovomerezeka. Kalasi yathu ndi yokonzeka kugwira tepi ndi kuthira laimu Loweruka lililonse limene Abambo angatiloleze.